Amayi omwe si azungu sakusowa maphunziro a utsogoleri

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za mabungwe omwe si aboma a ku America, komwe mipando yaikulu yambiri idakali m'manja mwa azungu, pomwe amayi akuda, achilatino (ochokera ku Latin America) ndi ochokera ku Asia amathera m'maudindo apansi.

Mabungwewa amakonda kutumiza amayiwa ku maphunziro a utsogoleri, ngati kuti vuto lili mwa iwo. Koma kafukufuku wa Race to Lead, yemwe bungwe la Building Movement Project lidatulutsa mu 2017, adapeza kuti omwe si azungu ali ndi maphunziro ofanana ndi azungu, ndipo amafunitsitsa utsogoleri kuposa azunguwo. Lipoti lawo la 2019 lidaonetsa kuti amayiwa amadumphidwa pokwezana pantchito, ngakhale ali ndi madigiri apamwamba.

Ofunika kuphunzitsidwa ndi a bodi amene amalemba atsogoleri, pamodzi ndi opereka ndalama. Mu 2020, bungwe lothandiza amayi la Ms. Foundation for Women lidapeza kuti pa $66.9 biliyoni yomwe mabungwe othandiza adapereka mu 2017, 0.5 peresenti yokha ndiyo idafika kwa amayi ndi atsikana omwe si azungu. Izi zimandiwawa kwambiri. Mayi mwamupatsa mpando, chabwino, koma antchito ake awalipira ndi chiyani?

Wowerenga wanu,
Indiana, America