Kagalu kopulumutsidwa sikafuna ndodo kuti kadzalondere

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo kudzera mu nyuzipepala yathuyi pa nkhani imene ambiri amaiona yochepa, chonsecho imakhudza ana athu m'makomo. Nkhaniyi ndi ya kaleredwe ka tiagalu timene anthu ayamba kutenga kumabungwe osamalira nyama kapena kutola m'ngalande ndi kumadzala kumene tinatayidwa. Mtima wotenga galu wosiyidwa ndi wabwino ndipo ndikuuyamikira, koma chimene chimandidandaulitsa n'chakuti ambiri timatenga kagaluko mwachifundo, kenako tikafika nako pakhomo timakalera ndi nkhanza zomwezo zimene tinati tikukapulumutsa nazo. Lero kanyamulidwa pamiyendo mu minibasi, sabata isanathe kali pa tcheni kuseri kwa nyumba, kapena katsekeredwa m'kakhola ka malata usana wonse mu Okutobala, madzi akumwa atatha m'mbale kalekale.

Mukafunsa eni ake, yankho limakhala limodzi: galu ndi wolondera, ndipo akazolowera anthu sadzauwa. Ena amaonjezera kuti kagalu kayenera kudyetsedwa tsabola, mavu kapena chamba kuti kakhale kolusa. Maganizo amenewa ndi amene ndikutsutsana nawo. Kuuwa pakabwera chachilendo ndi chibadwa cha galu, ndipo galu aliyense amene wakhazikika pamalo n'kuwaona ngati ake amachita zimenezi popanda womuphunzitsa. Chimene ndodo ndi kakhola zimabala si kulimba mtima ayi, koma mantha, ndipo galu wamantha sasiyanitsa wakuba ndi mwana wa neba amene wabwera kudzatola mpira. Mbava zodziwa ntchito yawo zimaponya nyama yothira poizoni pamwamba pa mpanda n'kudikira, pamene olumidwa amakhala mwana wa pakhomo pomwepo, wantchito, mlendo wochokera kumudzi kapena wowerenga mita ya madzi. Mlonda weniweni ndi galu amene amadziwa bwino anthu a pakhomo ndi mmene tsiku limayendera, kotero kuti chinthu chikasintha usiku amadzutsa nyumba yonse.

Ndiyambe ndi kumene kagalu kamachokera. Aliyense woyenda m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre anaonapo anyamata atanyamula tiagalu m'mwamba, kuonetsa oyendetsa galimoto padzuwa lamoto. Tambiri mwa tiagalu timeneti timachotsedwa kwa make tisanakwane masabata 8, amene ndi msinkhu woyenera kulekana ndi make, ndipo timakhala tisanalandire katemera aliyense. Wogula chifukwa cha chisoni amapulumutsadi kamodzi, koma ndalama yakeyo ndi imene imachititsa kuti mawa pamalo pomwepo pabwere tina tiwiri. Bungwe la LSPCA ku Lilongwe, limene linayamba ntchito m'chaka cha 2008, ndi la BSPCA ku Blantyre amasunga agalu otoledwa ndi kuwapezera makomo atsopano, ndipo wotenga galu kumeneko amakhala ndi mwayi wofunsa mbiri ya galuyo, makhalidwe ake ndi khadi lake la katemera. Ambiri mwa agalu otere ndi achikuda, amene ena amawaderera pofuna a mtundu wa kunja, koma kunena zoona achikudawa amapirira kutentha kwa kwathu kuno ndipo nzeru zawo n'zakuthwa. Chofunika n'kudzifunsa kaye musananyamule, pakuti galu wosamalidwa bwino amakhala zaka 10 kapena kuposa: kodi mwininyumba akulola, kodi pali mpanda, nanga mukadzasamuka mudzapita naye?

Kagalu kakafika, ulendo woyamba ukhale wa kwa avetenale, ndipo apa palibe kunyengerera. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, kuti pafupifupi onsewo amachitenga kwa agalu, ndiponso kuti pa anthu 10 alionse olumidwa ndi nyama zoganiziridwa kuti zili ndi chiwewe, 4 amakhala ana osakwana zaka 15. Matendawa akangoonetsa zizindikiro mwa munthu, kuchira kulibe. Koma n'zodziwikanso kuti agalu 70 pa 100 alionse m'dera akalandira katemera, matendawa amaleka kufalikira, ndipo n'chifukwa chake bungwe la Mission Rabies linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'chaka cha 2015. Kagalu kotoledwa kamene mbiri yake sitikuidziwa kayenera kuonedwa ndi dokotala wa ziweto ana asanayambe kusewera nako, ndipo wina akalumidwa kapena kukandidwa, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako athamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Palinso matenda a parvo, amene amatsegula m'mimba mwa magazi ndi kusanzitsa, ndipo amapha tiagalu m'masiku ochepa. Katemera wake amayamba kagalu kali ndi masabata 6 mpaka 8 n'kubwerezedwa kangapo kufikira pafupifupi masabata 16, ndipo asanathe si bwino kukayendetsa kumalo kumene agalu osadziwika amachita chimbudzi. Mankhwala a njoka za m'mimba, a nkhupakupa ndi a utitiri asaiwalike, koma akhale olembedwa ndi avetenale, osati mankhwala opopera m'munda kapena oyilo wakuda wa galimoto amene ena amapaka galu wa mphere.

Masiku oyambirira ndi amene ambiri amataya mtima, chifukwa amayembekezera kagalu kosangalala koma amalandira kachete, konjenjemera. Kamene ndinatenga ine kanalowa pansi pa shelefu ya mbale kukhitchini n'kukhala komweko, maso ali tong'o, mchira utapanidwa pakati pa miyendo, ndipo munthu akatukula tsache kuti asese kankadzikodzera pomwepo. Tsache limenelo linandiuza mbiri yake yonse popanda wondifotokozera. Mankhwala a mantha otere ndi kuleza mtima basi. Kagalu kapatsidwe ngodya yake, pamthunzi ndi posafika mvula, ndi thumba kapena bulangete lakale logonapo. Musakakoke kuti katuluke, ana asakazungulire, ndipo alendo asabwere kudzakaona ngati chionetsero. Munthu mmodzi azikhala pansi chapatali, osakayang'anitsitsa m'maso, n'kumaponya kachakudya pang'onopang'ono mpaka kadzabwere kokha kudzanunkhiza dzanja. Chakudya chiziperekedwa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, pakuti galu amene anakulira kudzala sadziwa kuti mawa kudzakhalanso chakudya, ndipo amakhazikika mtima pokhapokha ataona kuti mbale imabwera nthawi yake. Kena kamamasuka m'masiku ochepa, kena kamatenga miyezi, ndipo palibe cholakwika ndi kochedwako.

Za chimbudzi anthu amazikulitsa, chonsecho njira yake ndi yapafupi. Kagalu kamafuna kudzithandiza kakangodzuka, kakangotha kudya ndiponso kakatha kusewera, choncho nthawi zimenezo katengereni pamalo amodzi amene mwasankha kuseri, dikirani, ndipo kakachita kayamikireni ndi mawu okoma pomwepo. Chizolowezi chokanikiza mphuno ya kagalu pa ndowe zake sichiphunzitsa kanthu, chifukwa galu sagwirizanitsa chilango cha tsopano ndi chimene anachita ola lapitalo. Chimene amaphunzirapo n'chakuti munthu ndi woopsa, ndipo mawa amakabisala kuseri kwa mpando.

Mfundo yomweyi ndi imene imagwira ntchito pa maphunziro ena onse: galu amabwereza chimene chamubweretsera zabwino nthawi yomweyo. Tengani kausipa kamodzi, kagwireni pamphuno pa kagalu, kenako kwezani dzanja pang'ono kulowera kumbuyo kwa mutu wake. Potsatira fungolo mutu umadzuka, matako amatsika okha, ndipo akangokhudza pansi nenani kuti "khala" n'kukapatsa usipawo. Mphindi zochepa m'mawa ndi madzulo n'zokwanira, popeza kagalu sikachedwa kutopa. Galu samva Chingelezi kuposa Chichewa, monga mmene ena amaganizira akamakuwa mawu achizungu pabwalo. Chofunika n'chakuti onse a pakhomo agwiritse ntchito liwu limodzi pa chinthu chimodzi, chifukwa bambo akamati "khala", mayi "pansi", ana china, wosokonezeka ndi galu. Koma phunziro loposa onse ndi lakuti "bwera", pakuti ndi limene lidzabweze galu pamene geti latseguka ndipo njinga yamoto ikudutsa. Pa chifukwa chimenechi musamuitane galu kuti mumumenye, ngakhale atatafuna nsapato ya kutchalitchi. Akangoona kamodzi kuti kubwera kumathera mu ululu, dzina lake lomwe limasanduka chenjezo loti athawe.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo pa agalu mawuwa ali ndi umboni, chifukwa nthawi imene kagalu kamalandira zinthu zatsopano mosavuta imatha kali ndi miyezi pafupifupi 3. Zimene kaona mwamtendere pamsinkhu umenewu sikadzaziopa kakakula. Choncho kazolowetseni nkhuku ndi mbuzi kali pachingwe, kamve phokoso la mtondo ndi la wailesi, kaone munthu wovala chipewa, wonyamula mtolo wa nkhuni ndi woyenda ndi ndodo. Galu amene watengedwa atapitirira msinkhuwu amaphunzirabe, kungoti mochedwerapo. Ana nawo aphunzitsidwe, ndipo mwina iwo ndi amene amafunika maphunziro ambiri kuposa galuyo: asamukoke mchira kapena makutu, asamudzutse akagona, asamulande chakudya. Agalu ambiri otoledwa amateteza mbale yawo chifukwa anazolowera kulimbirana, ndipo njira yothetsera zimenezi si kuwalanda mbale kuti aone mwini mphamvu, koma kudutsa pafupi n'kuponyamo chokoma, kuti adziwe kuti munthu akayandikira chakudya chimachuluka. Galu akaonetsa mano ndiye kuti akuchenjeza, ndipo womumenya chifukwa cha chenjezolo amapanga galu amene adzalume mosachenjeza. Mwana wamng'ono asasiyidwe yekha ndi galu aliyense, ngakhale wofatsa chotani.

Pa chakudya ndinene mwachidule kuti gaga yekha salera kagalu. Phala la mgaiwa kapena mkute wa nsima zisakanizidwe ndi usipa, bonya, dzira lophika kapena zotsala za nyama, ndipo kagalu kakang'ono kadye katatu kapena kanayi pa tsiku. Mafupa a nkhuku ophika amasweka mosongoka n'kubaya m'mimba, anyezi ndi chokoleti ndi poizoni kwa galu, ndipo madzi oyera asasowe m'mbale. Kakafika miyezi pafupifupi 6, kambiranani ndi avetenale za kufula wamphongo kapena kutseka wamkazi. Galu wamkazi amatha kubereka kawiri pa chaka, bere lake ndi la miyezi iwiri yokha, ndipo ana amenewo ndi omwe timawapeza m'katoni kumsika. Mantha akuti galu wofulidwa salondera ndi opanda maziko. Chimene chimachepa ndi kuyendayenda usiku ndi ndewu zolimbirana akazi, zomwe ndi njira imodzi imene chiwewe chimalowera pakhomo.

Pempho langa kwa makhonsolo a mizinda ndi lakuti asamangokumbukira agalu pamene akulengeza zowombera oyendayenda, popeza kupha kumangotsegula malo oti ena osalandira katemera adzazemo. Ndalama ndi mphamvu zimenezo zingathandize kwambiri zitapita ku katemera, kufula ndi kuletsa malonda a tiagalu m'misewu. Kwa inu a Mkonzi, ndikupempha kuti nyuzipepala yathu izisindikiza m'Chichewa masiku ndi malo a katemera waulere m'madera, makamaka pofika pa 28 Sepitembala, tsiku lokumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe padziko lonse, ndiponso kuti muziitana madokotala a ziweto kuti aziyankha mafunso a owerenga pa tsamba lino.

Ine wowerenga wanu,
wa ku Area 25, Lilongwe