Ndipite ku Chadiza kapena nditsale mu Lusaka? Sindikudziwa chomwe Mulungu akufuna

Zikomo Anti,

Ndine mtsikana wa zaka 29, ndimakhala ku Chawama kuno ku Lusaka koma kwathu ndi ku Katete. Mutu wanga waima Anti, ndithandizeni.

Kosi ya uphunzitsi ndinamaliza kalekale koma ntchito osaiona. Mu 2022 boma litalemba aphunzitsi opitilira 30,000 aja, maina a anzanga ambiri a ku koleji anatuluka, langa ayi. Ndinalira, kenako ndinangoyamba kugwira mu buthi ya mobile money ya munthu wina pafupi ndi Soweto Market, ndiye imene imandilipirira renti nkumatumizako kangachepe kwa amayi. Manje pano dzina langa latuluka, andituma ku sukulu ya pulaimale kumudzi ku Chadiza, chakumalire ndi Mozambique uko.

Ine ndinakulira mu mpingo wa RCZ (Reformed Church in Zambia), amayi anga ndi a Chigwirizano mpaka lero. Koma nditabwera mtauni mnzanga ananditengera ku felowushipu ina ndipo ndi komwe ndakhala ndikupemphera, ndimatsogolera nyimbo, ovanaiti ya Lachisanu sindijomba. Anthu amenewa sindingawanyoze, nthawi imene ndinadwala ndi iwowa amene ankandibweretsera phala ndi kundilipirira mankhwala. Ndiye kalata itabwera ndinathamangira kwa a Papa, mtsogoleri wa felowushipu yathuyo, ndili ndi chimwemwe kuti tithokoze limodzi. Iwo anangokhala chete kenako nkuti, "Mwana wanga, Mulungu wandionetsa kuti khomo lako lili muno mu Lusaka, ukapita kumudziko ukhala ngati Yona, nsomba ikukudikira." Anatinso ndipirire pang'ono pakubwera ntchito ina yaikulu kuposa iyi.

Amayi pa foni akuti chiyani? Akuti iwe, zaka zonsezi takhala tikugwada kupempha chinthu chimenechi, lero Ambuye ayankha ndiye ukufuna kubweza? Mkulu wa mpingo wa kwathu nayenso anandikumbutsa 1 Timoteo 5:8 za munthu wosasamala a pa banja pake, poti amayi akukalamba ndipo Chadiza ndi Katete ndi pafupi, pa Lusaka pano kuti ndikawaone ndi ulendo wa tsiku lonse pa Great East Road, transipoti yakenso yodula.

Apa ndi pamene pandivuta. Onsewa ndi anthu opemphera, onse akutchula Mulungu yemweyo, koma mmodzi akuti pita wina akuti usapite. Nkhani ya Yonayo ndaiwerenga mobwerezabwereza ndipo ikundisokoneza kwambiri, chifukwa Yona anathawa kumene anatumidwa, ku Nineve, nkukwera chombo cha ku Tarisi. Nanga ngati Nineve wanga ndi Chadiza? Chiyambireni maphunziro aulere ana adzaza mmakalasi, kumidzi aphunzitsi ndi ochepa, ndipo ine ndikaima pamaso pa ana ndimamva kuti ndili pamalo panga, ngakhale ku Sande sukulu zimaoneka. Mu buthi muja ndimangowerenga ndalama za eni ake kuyambira mmawa mpaka mdima.

Komanso mtima wanga sindikuukhulupirira kwenikweni. Mbali ina ndikuopa kumudzi, kopanda magetsi, netiweki yovuta, madzi okatunga ku mjigo, ndiye mwina mawu a a Papa ndikuwamvera chifukwa akundipatsa pobisalira. Mbali ina ndikufuna peyi ya boma ndi penshoni, ndiye mwina ndikungoitcha kuitana kwa Mulungu pamene ndi ndalama zikundikoka. Aroma 12:2 imati tikasandulika mmaganizo tidzazindikira chifuniro chake, Miyambo 3:5-6 imati tisatsamire nzeru zathu, ndasala kudya, ndapemphera usiku, koma loto palibe, mawu palibe. Mnzanga wina anati ndiike chizindikiro ngati Gideoni ndi ubweya uja, koma ndikuopa kuti kumeneko nkumuyesa Mulungu.

Pali china chomwe ndikuchita nacho mantha ngakhale kuchilemba. Ndikachoka, gulu la nyimbo litsala lopanda wotsogolera, ndipo nthawi zina ndimadzifunsa ngati uneneri uja sunachokere pamenepo. Ndikangoganiza choncho ndimamva kutsutsika chifukwa kutchalitchi amatiuza kawirikawiri kuti musakhudze odzozedwa anga. Koma 1 Yohane 4:1 imatiuzanso kuti tiyese mizimu. Ndiye munthu wamba ngati ine amayesa bwanji popanda kuchimwa?

Anti, kodi Mulungu angauze munthu wina za moyo wanga ine mwini wake osandiuza kalikonse? Kodi chifuniro chake ndi njira imodzi yokha yoti ukaiphonya basi watayika, kapena munthu angathe kumutumikira kulikonse bola akuyenda moongoka? Ndipo ndikapita zinthu nkukandivuta kumeneko, ndidzadziwa bwanji kuti ndi mavuto wamba a moyo osati chilango? Kalata ikuti ndikaonekere ku ofesi ya maphunziro ya boma la Chadiza posachedwapa, ndikachedwa malo apatsa wina. A Papa sindinawayankhe, amayi akuimba tsiku ndi tsiku kufunsa ngati ndagula tikiti ku Intercity. Chonde ndiyankheni msanga, ndipo ngati pali abusa kapena aphunzitsi amene anadutsamo mu zoterezi nawonso andithandize maganizo.

Ine wosokonezeka,
Chawama, Lusaka