Lipoti la ulendo wa ku Lilongwe pa nkhani ya alamu yoimba foni yokha

Apampando, a komiti, amayi ndi abambo nonse a kopaletivi yathu, zikomo. Ndabwerako ku Lilongwe komwe munandituma ku maphunziro a masiku awiri aja, ndafika kuno ku Mponela dzulo madzulo nde ndati ndilembe msanga zisanandituluke m'mutu, zina ndidzawonjezera pakamwa Loweruka. Tinalipo anthu pafupifupi 20, ambiri a magolosale ndi mahadiweya a m'tauni, a kumudzi tinali awiri basi, ine ndi mayi ena a gulu la alimi a mkaka.

Nonse mukukumbuka usiku uja anatibera matumba a soya. Alonda athu anawamanga manja ndi miyendo, foni anawalanda, anagona pansi pa simenti mpaka tambala kulira popanda aliyense wa ife kudziwa kanthu. Ndiye ine funso lomwe ndinapita nalo linali limodzi lokha, kuti chinthu chikachitika ku shedi 2 koloko ya usiku, uthenga utifikira bwanji ife tili m'tulo kunyumba.

Mmene zimagwirira ntchito ndi chonchi. Pali bokosi lalikulu lomwe amati panelo, ndiye mutu wa zonse. Pa chitseko amaika tizidutswa tiwiri toyandikana, kena kali ndi maginito, chitseko chikatseguka tiwiriti timatalikirana ndipo panelo imadziwa. Pakona m'mwamba amaika sensa yomwe imamva kutentha kwa thupi likamayenda m'chipindamo. Panelo ikamva zimenezi imatumiza moto wa 12V ku sayilini kuti ilire, ndipo moto womwewo ndi umene umadzutsa kabokosi kena kakang'ono, kukula kwake ngati chikhatho, komwe iwo amati dayala. M'kabokosi kameneka muli SIM khadi ngati ya mufoni, muli manambala omwe mwasungamo motsatana, komanso mawu omwe mwajambuliratu. Kamaimbira nambala yoyamba, munthu akayankha amamva uthengawo, kamatumizanso SMS.

Anatipatsa mpata aliyense kuyesa. Ine ndinaikamo nambala yanga, ndinajambula mawu akuti "kuno ndi ku shedi ya kopaletivi, alamu yalira, dzukani", kenaka ndinatsegula kachitseko koyeserera kaja. Sayilini inalira mpaka makutu kuwawa, pasanathe mphindi foni yanga m'thumba inayamba kulira, kuyankha ndikumva mawu anga omwe. Abale mtima unagunda, ndinangoganiza za alonda athu aja kuti chikhala kabokosi aka kanalipo bwenzi titathamangirako usiku womwewo. Aphunzitsi anati uthenga uzikhala waufupi ndipo uziyamba ndi dzina la malo, chifukwa munthu wongodzidzimuka kutulo samva chiganizo chachitali.

Tsopano apa ndi pamene ndikupempha muwerenge modekha chifukwa ndi pomwe pagona nkhani. Ukayankha foni ija, pali batani lomwe umayenera kudina posonyeza kuti wamva ndipo ukuchitapo kanthu, pa makina omwe tinaphunzirira linali la #, ena amakhala ndi batani lina. Ukapanda kudina, kabokosi kamapitilira kuimbira wachiwiri, wachitatu, mpaka kubwereranso kwa woyamba. Anachita dala chonchi chifukwa pena foni imakhala yothima nkuyankha voicemail, makina asamaganize kuti munthu wamva. Koma ukangodina, kabokosi kamasiya kuimbira ena onse. Ndiye taganizani munthu wadina batani lija ali m'tulo tofa nato, watembenuka nkufundanso bulangete, ndiye kuti watitsekera tonse pakamwa, akuba akupakira matumba mwaufulu. Bambo wina wa hadiweya anati zinamuchitikira ndi mwana wake yemwe, m'mawa mnyamatayo sankakumbuka nkomwe kuti anayankha foni. Ine pamenepa ndinaona kuti sitikugula mlonda ayi, tikugula chinthu chodzutsa anthu, ndipo anthuwo ndife tomwe. Nambala yoyamba isakhale ya apampando chifukwa choti ndi apampando, ikhale ya munthu wokhala pafupi ndi shedi, wogona foni ili pamutu ili ndi moto, komanso woti atha kudzutsa anzake. Pepani apampando sindikuchepetsa udindo wanu, koma kwanu ndi kutsidya kwa dambo ndipo nthawi ya mvula mumadziwa nokha mmene njira ija imakhalira.

Ndinafunsa kuti bwanji osangoikamo 997 kuti kaziimbira apolisi mwachindunji. Anakana kwamtuwagalu. Anati alamu imalira kambiri popanda wakuba, ndipo nambala ya ngozi siyoti izidzadza ndi mawu ojambulidwa. Anapereka chitsanzo cha ku Britain kuti kumeneko alamu ya malo ako ikawanamiza apolisi katatu m'miyezi 12 amasiya kubwera mpaka utakonza vutolo. Chomwe tingachite ife ndi kupita kukacheza ndi apolisi a kuno pamodzi ndi achitetezo cha m'mudzi, adziwe kuti tili ndi makina oterewa, ndiye munthu wathu akatsimikiza kuti kuli akuba ndi amene aziwaimbira ndi pakamwa pake. Ndipo woitanidwayo asamapite yekha chonde, komanso tikagwira munthu tizimupereka kupolisi osati kumumenya, tisasandutse nkhani ya soya kukhala ya maliro.

Palinso mtundu wina woti makina amaimbira ku ofesi ya kampani ya chitetezo, salankhula mawu koma amatumiza timaphokoso ta manambala tomwe amati Contact ID, kompyuta ya kumeneko nkudziwa kuti ndi chitseko chiti chatseguka. Umalipira mwezi ndi mwezi ndipo amatumiza galimoto. Kwa a m'tauni ndi zabwino koma ife tili makilomita opitilira 50 kuchokera ku Lilongwe, galimotoyo pofika pa M1 ponse apa akuba adzakhala atagona kale kwawo. Zakale zija zodalira waya wa foni yapansi nazonso ayi, wakuba amangodula waya kunja basi.

Za SIM khadi. Malamulo a MACRA mukuwadziwa, kuyambira 2018 nambala iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, ndiye tigwirizane kuti ilembedwa m'dzina la ndani ndipo zilembedwe m'maminitsi, kuopa kuti mwiniwake akadzachoka m'gulu tidzavutike. PIN ya SIM iyenera kuchotsedwa isanalowe m'kabokosi, apo ayi magetsi akathima nkuyakanso kamangokhala kudikira PIN osaimba. Mayunitsi azikhalamo nthawi zonse, ndipo SIM ikakhalitsa osagwira ntchito kampani imaitseka, nchifukwa chake anati tiziyesa sabata iliyonse tsiku lodziwika, masana, onse a pa mndandanda atauzidwiratu. Ine ndikuti ntchito ya mayunitsi ipatsidwe kwa msungichuma ndipo ilowe mu bajeti, isakhale ya aliyense chifukwa idzasowa mwini. Tisanasankhe TNM kapena Airtel tikayese netiweki m'kati mwa shedi momwemo chitseko chitatsekedwa, malata amatchinga, ngati ili yofooka pali kaeriyo kotulutsira kunja. Anatichenjezanso za madayala otchipa a 2G yokha, mayiko ena ngati Australia ndi Singapore anathimitsa kale 2G, nde bola kugula yokhala ndi 4G ngakhale ikhale yodulirapo.

Batire yake ndi ya 12V 7Ah, yaing'ono ija yakuda. Magetsi akamathimathima imatopa msanga ndiye amalangiza kuwonjezera kasola. Kabokosi kamatha kutumiza SMS magetsi akathima kapena batire ikatsala pang'ono, SMS imeneyo osainyozera chifukwa akuba ena amayamba athimitsa magetsi nkudikira.

Vuto lomwe ndikuliona kwa ife ndi makoswe ndi mileme. Shedi ya mbewu simusowa makoswe, ndipo khoswe akadutsa pamwamba pa mulu wa matumba pafupi ndi sensa, sensa imamuona ngati chinthu chachikulu. Kangaude akamanga ukonde pamaso pake nazonso zimaliza alamu. Ikatidzutsa usiku utatu wotsatana pachabe, wachinayi palibe adzadzuke, ine ndikudziwa mmene tilili. Ndiye sensa ikhale mamita awiri ndi pang'ono kuchokera pansi, isayang'ane windo kapena polowera dzuwa, matumba tisasanje mpaka kufika pafupi nayo, ndipo tidalire kwambiri za pa zitseko zija chifukwa sizinama kawirikawiri.

Chomwe chinandisangalatsa kwambiri ndi karimoti ka alonda, kovala m'khosi m'kati mwa malaya. Akaona anthu okayikitsa amangodina, ndipo mutha kukonza kuti sayilini isalire koma foni zokha ziimbidwe mwakachetechete, kuti akuba asawapweteke. Olowa m'shedi aliyense azikhala ndi nambala yake yachinsinsi yodina pa kiyipadi (mabatani oyatsira ndi kuthimitsira alamu), ukatsegula uli ndi masekondi ngati 30 kuti uthimitse, ndipo makina amasunga kuti anatsegula ndani nthawi yanji. Izi zitithandizanso pa mikangano ija ya makiyi.

Maganizo anga ndi oti tigule makinawa soya wa chaka chino asanalowe m'shedi. Makoteshoni awiri ndabwera nawo, pamodzi ndi malisiti a thiransipoti ndi chenje chomwe chatsala, ndipereka kwa msungichuma Loweruka. Koma tisanakambe za ndalama ndikupempha tiyambe ndi mayina, anthu asanu okhala pafupi ndi shedi omwe avomera ndi pakamwa pawo kuti foni yawo sizithima usiku, ndipo mwa asanuwo pakhale mmodzi wa njinga yamoto. Alonda athunso aitanidwe pa msonkhanowo chifukwa karimoti kaja adzavale ndi iwowo. Dzina langa lembanitu, ndimakhala kuseri kwa chigayo pomwepa.