Lipoti la msonkhano wa ku Chicago, nkhani ya apolisi ndi makomo athu

A tcheya, a komiti, amayi ndi abambo nonse a gulu lathu la Amalawi kuno ku America, a ku South Bend, a ku Mishawaka ndi a ku Elkhart omwe, moni nonse. Lipoti lija ndi ili, ndaliponya pagulupu pano kuti amene adzakhale ali kushifiti Lamulungu asadzanene kuti sanamve. Malisiti a sitima, pogona ndi chakudya ali kale ndi a msungichuma ndipo chenji cha alawansi ndabweza, ofuna kuona akaone kumeneko osati kumandiimbira usiku. Ndinakwera sitima ya South Shore osati galimoto chifukwa mtengo woimikira galimoto mkati mwa Chicago ukanadya alawansi yonse ndisanalowe nkomwe mu holo.

Unali msonkhano wa magulu a anthu ochokera ku Africa a ku Indiana, Illinois ndi Michigan, a ku Nigeria anali mbwee monga mwa nthawi zonse, kunalinso a ku Congo, Kenya, Ethiopia ndi Liberia. Kum'mawa kunali malonje ndi kuthokozana basi. Gawo la kalembedwe ka makalata opempha ndalama ndi zomwe timazidziwa kale, la achinyamata ndi mafoni linatha tisanamve chogwirika.

Chomwe ndikuti ndalama yanu sinapite pachabe ndi gawo la masana, analankhula loya wina wachizimayi wakuda wobadwira konkuno, ndipo anayamba ndi nkhani ya Henry Louis Gates, pulofesa wa ku Harvard. Mu July 2009 bamboyu, wazaka 58 woyendera ndodo, anabwera kuchokera ku China nkupeza chitseko cha nyumba yake ku Cambridge, Massachusetts chikukana kutseguka, ndiye iye ndi dalaivala amene anamubweretsa anayamba kuchikankha, mayi wina ataona anaimba 911, nambala yoitanira apolisi pangozi. Kubwera Sergeant James Crowley, apeza Gates ali kale mkati, anasemphana mawu, Gates anaonetsa chiphaso, zinadziwika kuti nyumba ndi yake, koma atatuluka pakhonde akukalipabe anamuveka unyolo pomwepo ati wasokoneza mtendere. Mlandu anauthetsa patangopita masiku 5, Obama ananena kuti apolisi anachita mopusa, dziko linagawikana, mpaka Gates ndi Crowley anakamwera limodzi mowa ndi Obama ku White House. Ambiri timakumbuka za mowawo. Loya uja anati ife tikumbukire khonde. Kukalipa uli m'nyumba mwako nkovuta kuti akuti wasokoneza anthu, koma ukangoponda panja pomwe aneba akuonerera, wawapatsa wekha poyambira.

Ndiye anatifotokozera lamulo lake pang'onopang'ono. Khoti lalikulu la dziko lino linagamula mu 1980, pamlandu wa Payton, kuti apolisi sangalowe m'nyumba mwa munthu kudzamumanga opanda waranti ya khoti, pokhapokha ngati mkatimo moyo wa wina uli pangozi, kapena akuthamangitsa munthu wa mlandu waukulu, kapena mwini wake wawalola. Koma khoti lomwelo mu 1976, pamlandu wa Santana, linati mayi amene anaima pakhomo penipeni chitseko chili chotsegula anali ngati ali pagulu. Apa ndi pomwe ine mtima unagunda abale, chifukwa ife tinaleredwa kuti munthu akati odi umatsegula, umatuluka, umati lowani, umamupatsa mpando, ndiye akakhala wa yunifolomu timawonjezerapo bwana ndi kupisa manja kumbuyo. Kuno lowani ameneyo ndi chilolezo, ndipo chilichonse chomwe aone poyera akalowa angathe kuchigwiritsa ntchito. Komanso si iwe wekha ungawalole, mnzako amene mukukhala naye nyumba imodzi akhoza kuwatsegulira iwe uli kuntchito, ndiye taganizirani manyumba athu aja tikukhalamo anayi asanu, wina wangofika mwezi watha Chingelezi cha apolisi sanachizolowere. Malangizo ake anali oti lankhulani chitseko chili chotseka, funsani ngati ali ndi waranti, ngati ali nayo ailowetse kunsi kwa chitseko kapena aionetse pawindo muone dzina, adiresi ndi siginecha ya jaji. A imigireshoni kawirikawiri amayenda ndi pepala losainidwa ndi bwana wawo wa ku ofesi osati jaji, nalonso pamwamba palembedwa kuti waranti, ndiye yang'anani amene wasaina. Akalowabe mokakamiza musagwirane nawo, nenani momveka kuti simunavomere, kenako tsekani pakamwa mpaka loya.

Apa ndiyankhe achimwene athu aja amakonda kutumiza ma voice note oti ku Indiana lamulo limalola kulimbana ndi wapolisi wolowa m'nyumba mosatsata malamulo. Zoona lamulolo lilipo, linabwera mu 2012 anthu atakwiya ndi chigamulo cha khoti lalikulu la Indiana cha 2011 pamlandu wa Barnes. Ndinafunsa dala. Loya uja anapukusa mutu, anati zoti analowa molakwika kapena ayi zimakaweruzidwa kukhoti patapita miyezi, iwe uli kuti pamenepo. Ndiye chonde achimwene, ma voice note amenewo asiyeni, ana athu akumamvera.

Mkangano weniweni unabuka pamene bambo wina wachikulire anaimirira nkunena zomwe ndazimvapo kangapo pagulu lathu lomwe lino, zoti izi ndi za akuda a kuno, ife a ku Africa ndife aulemu, timagwira ntchito, apolisi alibe nafe vuto. Holo inachita phokoso. Mnyamata wina wa ku Congo anangomufunsa kuti kodi Amadou Diallo anali wa kuti. Diallo anali wa ku Guinea, apolisi anamuombera zipolopolo 41 mu 1999 ku Bronx ali polowera m'nyumba yomwe ankakhala, m'manja muli kachikwama ka ndalama, ndipo apolisi onse anayi khoti linawapeza osalakwa. Botham Jean anali wa ku St Lucia, akauntanti, woimbitsa nyimbo kutchalitchi, anaphedwa mu 2018 ku Dallas atakhala pabalaza pake akudya ayisikilimu, wapolisi Amber Guyger amene anamuombera ati ankayesa kuti walowa m'nyumba yakeyake, wapolisiyo anamugamula zaka 10. Patrick Lyoya, othawa nkhondo wa ku Congo, anaomberedwa ndi wapolisi kumbuyo kwa mutu mu April 2022 ku Grand Rapids pompano apa, mlandu wa wapolisiyo unathera m'malere mu 2025 oweruza atalephera kugwirizana. Wapolisi akakuona usiku saona pasipoti ya Malawi. Chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe, ndipo ine ndinachita manyazi kuti akuda a kuno amene anavutikira maufulu omwe tikudyerawa anakhala phee kumamvetsera m'bale wathu akuwanyoza.

Nkhani ya Lyoya ili ndi china choti atsopano auzidwe, iye ataimitsidwa anatuluka m'galimoto wapolisi akumuuza kuti abwerere mkati. Kwathu pa rodibuloko kutsika nkupita kwa bwana ndi ulemu. Kuno khalani mkati, manja pa chiwongolero, nenani kaye musanapise m'thumba, ndipo zija za ya fanta musayerekeze ngakhale mocheza.

Sikuti kunali mbali imodzi yokha. Panali wapolisi wina wopuma, wakudanso, amene anati tisaiwale kuti dziko lino mfuti zili paliponse ndipo wapolisi akamagogoda sadziwa chili kuseri kwa chitseko. Pa za Gates iye anati Crowley anaitanidwa kuti kwathyoledwa nyumba ndiye kufunsa chiphaso sikunali kulakwa, ndipo Crowley yemweyo ankaphunzitsa apolisi anzake za kupewa tsankho, mwina panalimbana ndi maudindo, pulofesa wotchuka ndi sajeni aliyense osafuna kutsika. Ndinamumvetsa mpaka pa chiphasopo. Kuchokera pamenepo ayi. Wadziwa kuti nyumba ndi yake, nkhalamba ikukalipa pakhonde pake, kwera galimoto uzipita, unyolo wa chiyani. Ndipo atafunsidwa za Anjanette Young bamboyo analibe chonena. Mayiyu ndi wa mu Chicago momwemo, wogwira ntchito yothandiza anthu ovutika, mu February 2019 apolisi anaphwanya chitseko chake akusintha zovala atangoweruka, anamumanga unyolo ali mbulanda azibambo ali mbwanda m'nyumba, iye akulira kuwauza mobwerezabwereza kuti alakwitsa nyumba, ndipo analakwitsadi. Mzinda unayesa kuletsa kuti kanema wa zomwe zinachitikazo asaonetsedwe, kenako mu 2021 unamulipira madola 2.9 miliyoni. Anatiikira kachidutswa kochepa chabe, amayi ena anatuluka panja. Za Breonna Taylor wa ku Louisville, amene apolisi anamupha m'nyumba mwake mu 2020, nonse mukuzidziwa sindibwereza.

Tsopano gawo lomwe ndikudziwa kuti litikanganitsa. Atatchula Atatiana Jefferson, amene anaomberedwa ndi wapolisi kudzera pawindo ku Fort Worth mu 2019 neba atangoimba kuti akamuone ngati ali bwino, ndi Sonya Massey wa ku Springfield, Illinois amene mu 2024 anaitana yekha apolisi nkuphedwa kukhitchini kwake, azibambo ena anayamba kuwomba m'manja nkumati mwaona, nkhani za m'banja tizithana tokha, apolisi ayi. Mayi wina wa ku Kenya anawadula pomwepo, anati mawu amenewo ndi omwe amatsekera pakamwa akazi omenyedwa. Ine ndili kumbali ya mayiyo ndipo ndinena pano poyera. Tonse tikudziwa zomwe zinachitika pagulu pathu pamene mlongo wathu wina anaimba 911 usiku, bambo nkutengedwa pakhomo. Tinachita chiyani? Tinamusala. Wamangitsa bambo wa ana, watengera zachizungu, bwanji sanaitane ankhoswe, ankhoswe ake ati oti ali kushifiti mpaka 7 koloko m'mawa foni ili mu loka. Mpaka lero sabwera kumisonkhano ndipo palibe wa komiti anapitako kukamuona, ine ndinakweza nkhaniyi nthawi ija a tcheya munati tidzakambirana, sitinakambirane. Kuopa apolisi kwathu kusakhale chishango cha munthu womenya mkazi.

Kwa bambo wotengedwayonso sitinachite bwino, chifukwa palibe anamuuza kuti ukangomangidwa zidindo za zala zako zimafikanso kwa a imigireshoni, ndipo kuvomera kamlandu kooneka kakang'ono kuti utuluke msanga ubwerere kuntchito kungathe kukuonongera green card, chiphaso chokhalira kuno mokhazikika. Loya uja anati kuyambira 2010, pamlandu wa Padilla, loya wako ali ndi udindo wokuchenjeza zimenezi usanavomere, koma ena amathamanga, ndiye funsa wekha.

Zomwe msonkhano unagwirizana ndi izi. Gulu lililonse lisindikize timakhadi m'chilankhulo chake toika kuseri kwa chitseko ndi m'chikwama, lisankhe anthu awiri oimbiridwa usiku wina akamangidwa, komanso tisaine kalata imodzi yopita kwa aphungu a zigawo zitatu za Indiana, Illinois ndi Michigan yopempha kuti kuphwanya zitseko osagogoda kuthe ndi kuti wapolisi wozimitsa kamera yapachifuwa azilangidwa. Za kamerazi ife a South Bend tikuzidziwa, Eric Logan ataomberedwa ndi wapolisi mu June 2019 nthawi yomwe meya anali Pete Buttigieg kamera ya wapolisiyo sinkajambula. Kalatayo sindinasaine chifukwa simunanditume kukasaina, koma maganizo anga ndi oti tisaine m'dzina la gulu osati mayina a anthu. Ena amafunanso zionetsero, ine ndinakana, anthu athu ena mapepala awo ali m'njira sitingawaike kutsogolo kwa makamera kuti ife tioneke olimba mtima.

Zamakhadi ndayamba kale kulemba m'Chichewa, amene amadziwa bwino Chitumbuka ndi Chiyao andithandize. Koma khadi popanda ndalama ya loya ndi pepala chabe, ndiye ndikubweretsanso pempho lomwe munalikana chaka chatha. Maliro akachitika timasonkha usiku umodzi wokha ndalama yotumizira thupi kumudzi, ndipo ndi bwino, sindikutsutsa. Phwando la 6 July timalipirira holo, DJ ndi mbuzi popanda wofunsa malisiti. Koma mwana wa munthu akagona m'chitokosi timayamba kuwerenga malamulo a gulu kuti kaya thumba la maliro limalola belo kaya ayi, sabata nkutha, ntchito nkumuthera, uku pa WhatsApp tikufunsana kuti koma analakwa chiyani. Ndikupempha kuti pa zopereka za mwezi tipatulepo gawo la thumba la loya, likhale ndi buku lakelake ndi osaina awiri, ndipo chaka chino DJ akhale mwana wathu yemwe ndi sipika yake.

A mlembi chonde ikani zinthu zitatuzi pa ajenda ya Lamulungu, kalata, anthu awiri a usiku ndi thumba la loya, ndipo zikhale koyambirira osati ku zina ndi zina anthu atayamba kale kunyamula mapoto. Nkhani ya mlongo wathu uja ndiikweza ndekha, ndipo ndikupempha amayi awiri akuluakulu apite nane kwawo Loweruka tisanakumane.