Kalata kwa mwana wanga wa ku Moatize

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno ku Ulongue tadzuka bwino, kungoti chisanu cha June chatilowa m'mafupa. Mayi ako akupereka moni, ndipo akuti thumba la mbatatesi lija atumiza akapeza munthu wotsikira kumeneko.

Mawu amene unandiuza pa foni Lamulungu andisowetsa mtendere. Unati masiku ano ukumaiwala ngakhale pamene waika makiyi, ndipo ukaweruka ku mgodi umangogona chagada, maso pa foni, mpaka tulo titakuba. Kutentha kwa kumeneko ndimakudziwa, fumbi la malashalo ndimalidziwanso, ndiye sindikukudzudzula. Ndikungopempha kuti pa tsiku uzipatula mphindi 15 zokha, mutu wako uzigwira ntchito yakeyake, osati kumangomeza zimene ena aika pa Facebook.

Chipumireni pa uphunzitsi, m'mawa uliwonse madzi a tiyi asanawire ndimakhala pakhonde ndi kope ndi pensulo, n'kumamasula mawu obisika, amene Apwitikizi amati criptograma. Mayi ako ndiwo amandikonzera usiku. Amatenga mwambi, chilembo chilichonse n'kuchisintha ndi china, mwina A yense asanduke K, N yense asanduke T, mpaka chiganizo chonse chioneke ngati mapazi a nkhuku. Ine ntchito yanga ndi kubweza zilembozo m'malo mwake. Zili ngati ndagi zimene tinkaponyerana pamoto uli mwana, koma izi n'zapapepala.

Usaziyese zachibwana. Julius Caesar wa ku Roma ankabisa makalata ake posuntha chilembo chilichonse katatu, A n'kukhala D, B n'kukhala E. Kenaka m'zaka za m'ma 800, katswiri wina wa ku Baghdad, al-Kindi, analemba njira yowululira zinsinsi zotere: kuwerenga kuti ndi chilembo chiti chimene chikubwerabwera kuposa zinzake. Njira imeneyo ndi yomwe ndimagwiritsa ntchito pakhonde pano.

M'chilankhulo chathu zimakoma kwambiri, chifukwa mawu athu amathera pa a, e, i, o kapena u. Choncho yamba ndi kuyang'ana kumapeto kwa liwu lililonse, ulembe pambali zilembo zimene wapezako. Chimene chachuluka, kawirikawiri chimakhala A. Ukatero pita pa timawu tatifupi: ta zilembo ziwiri tingakhale wa, ya, za, pa, ku kapena mu, ndipo ka zilembo zitatu kobwerezabwereza uyambe wakaganizira kuti ndi "ndi". Ukapeza za Chipwitikizi, saka que ndi de, komanso a, e, o oima paokha. Liwu limodzi likatseguka, anzake amayamba kugwa okha ngati mango akupsa.

Koma ugwiritse pensulo, cholembera cha inki ayi. Tsiku lina ndinakhalira mwambi umodzi kuyambira m'mawa mpaka nsima ya masana inazizira. Ndinali nditatsimikiza kuti liwu loyamba likuyamba ndi ci, monga timalembera kuno ku Mozambique, osakumbukira kuti mayi ako anazolowera kalembedwe ka ku Malawi, ka chi, pa zaka zija tinathawira nkhondo ku Dedza. H mmodzi yekhayo anandisokonezera zonse. Ndinkaona ndithu kuti mawu enawo sakumveka, koma mtima sunkafuna kufufuta zimene ndinavutikira. Nditalolera n'kufufuta mzere wonse, mwambi unatuluka nthawi yomweyo. Ndinaganiza za iwe tsiku limenelo, chifukwa kuuma mutu kumeneku unatengera ine, ndipo kuntchito kwako kuli makina osafuna munthu wokakamira pa cholakwa.

Sindikunena kuti ndi mankhwala. Kuiwalako kukapitirira upite kuchipatala, ndipo uzigona mokwanira. Chimene ndaona ine n'chakuti ndikamasula kamodzi m'mawa, tsiku lonse maganizo amakhala pamodzi, ngakhale powerengera ndalama za mbatatesi pamsika.

Gula kope laling'ono, uzilisunga pamene umasiya foni usiku. Uphunzitsenso mkazi wako kuti muzilemberana. Koyambira nako ndi aka, ndakabisa m'njira ya Caesar ija. Usafunse mayi ako, ndawaletsa kale.

EZHUD NXPXGCL PZDQDQJD

Ukamasula undiyimbire, undiuze tsiku.

Ndine bambo ako.