Kabotolo kofiira kochokera kwa agogo

Mdzukulu wanga wokondedwa,

Uli bwanji ku Lilongweko? Kuno ku Ntcheu tadzuka bwino. Amalume ako akubweretsera kabotolo kofiira komwe ndakakulunga m'kansalu. Usayese jamu ayi. Ameneyo ndi chutney wa tomato, ndipo ndakuphikira ndekha.

Sabata yatha ndinapita kumsika wa Lizulu, uja mumadutsa mukamabwera kuno pamsewu wa M1. Tomato anali mbwee! Azimayi anzanga atandanda ndi mabeseni odzaza, koma ogula ochepa. Tomatotu sadikira munthu, akapsa amangotha masiku owerengeka kenako wawola. Zinandiwawa mumtima, chifukwa ndimalidziwa thukuta lake la kudimba, kuthirira m'mawa ndi madzulo. Ndiye ndinagula wodzaza kandowa.

Kaphikidwe kameneka kanachokera ku India. Ine anandiphunzitsa mayi wina wachimwenye ku Limbe, mayi ako asanabadwe n'komwe.

Ndinasankha tomato wakupsa bwino wokwana makilo 2, ndikumucheka pang'ono kunsi, kenako ndikumuthira madzi otentha. Ukadaona! Khungu lake limangosupuka lokha ngati sokosi. Ntchito imeneyi ndi imene ndikukusungira iweyo, chifukwa tizala tako ndi tofewa ndipo sipafunika mpeni. Adyo ndi jinja ndinasinja m'kamtondo kakang'ono kaja unkaseweretsa ulendo watha.

Mafuta atatentha pambaula ndinaponyamo njere za mpiru. Zimenezi zimathetheka ngati mbuliwuli, the! the! the! mpaka mphaka wathu anathawira kuseri kwa nkhokwe. Ndinakazinga anyezi 2, n'kuthiramo zosinja zija, tomato uja, mchere pang'ono, kapu imodzi ya shuga ndi kapu imodzi ya viniga. Viniga akayamba kuwira fungo lake limalowa m'mphuno, umachita kutsokomola, koma usamunyoze. Iyeyo ndi shuga ndi amene amaletsa tizilombo tosaoneka ndi maso kuwoletsa tomato.

Apa ndiye pofunika kuleza mtima. Moto uzikhala wochepa, ndipo umatakasa ndi mthiko kupitirira ola lathunthu kuti zisapserere pansi. Ndinakhala pampando wanga uja, poto akungoti bwatabwata, kufiira kwake kukunka kuderapo pang'onopang'ono. Ukudziwa mmene ndimadziwira kuti wapsa? Ndimakoka mthiko pansi pa poto. Pakatsala kanjira kooneka, kosatsekeka msanga, basi yatheka.

Mabotolo ndinayamba ndawawiritsa m'madzi ndi zotsekera zake, n'kuwaumitsa, kenako ndinathiramo chutney adakali wotentha. Wa agogo ako aamuna ndinaikamo tsabola wa kambuzi, moti adya akupukuta misozi koma osasiya. Wakoyu mulibe kambuzi, ndangoikamo kajinja kokha koti uzimva kutenthera pang'ono pakhosi.

Uwauze mayi ako kuti mukatsegula azisunga m'filiji. Potapa muzigwiritsa ntchito sipuni youma komanso yoyera, osati chala chako chija ndimachidziwa ine! Ulawe ndi mpunga, kapena upake pa buledi m'mawa. Ndi mbatata yootcha ndiye amakoma zedi.

Sukulu ikatsekera ubwere. Mthiko waung'ono ndakusemetsera kale, uli padenga la kukhitchini. Koma pafupi ndi mbaula uzidzakhala ndi ine, wamva?

Undilembere ngati wakukomera, ngakhale mizere iwiri yokha.

Ndine agogo ako okukonda.