Wapasa mmodzi akadwala chithokomiro, mnzake sanamulodze

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene yagawanitsa banja lathu. Ine ndimasoka zovala ku Rosettenville kuno ku Johannesburg, ndipo mng'ono wanga amene tinabadwa naye mapasa ali ku Zomba. Ndife mapasa a dzira limodzi, ofanana moti kusukulu aphunzitsi ankatisiyanitsa ndi chipsera cha pachipumi panga basi.

Chaka chatha, patangopita miyezi yochepa nditabereka, ndinayamba kuonda ngakhale nsima ndinkadya kuposa kale. Mtima unkagunda ngati ndathamanga, tulo osabwera. Mu June, anzanga atavala majekete awiriawiri podikira taxi, ine thukuta kamukamu. Manja ankanjenjemera mpaka kulowetsa ulusi pa singano kunandikanika, ndinkachita kuitana mwana wa aneba kuti andilowetsere. Maso nawo anayamba kutong'oka. Pa yadi anthu ankanong'onezana kuti ndi kachilombo, koma nditayezetsa HIV ndi TB sanandipeze nazo. Kenako dokotala wina anandigwira pakhosi, n'kundiuza kuti ndimeze malovu, ndipo anatumiza magazi kuti akayeze TSH ndi T4, mahomoni osonyeza mmene chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi, chikugwirira ntchito. Anandipeza ndi matenda a Graves.

Dzinali ndi la Robert Graves, dokotala wa ku Ireland amene anawafotokoza mu 1835. Chimachitika n'chakuti asilikali a m'thupi, m'malo molimbana ndi majeremusi, amatembenukira chithokomiro cha pakhosi n'kumachikakamiza kutulutsa mahomoni ochuluka, ndiye thupi lonse limathamanga osapuma. Si chimodzimodzi ndi kutupa khosi kobwera chifukwa chosowa ayodini mu chakudya.

Kumudzi nkhani inafika mwina. Azakhali anati mng'ono wanga wandilodza chifukwa cha nsanje ya marandi. Nditawaimbira foni kuwauza kuti dokotala wati matendawa amayenda kumtundu, anandifunsa kuti: "Ngati ndi zakumtundu, nanga bwanji mnzako wa mimba imodzi, nkhope imodzi, ali gwa?" Funsoli linandisowetsa mawu, ndipo ndikudziwa kuti m'mabanja ena likuwononga ubale. Yankho lake lilipo.

Ku Denmark amasunga kaundula wa mapasa, ndipo kafukufuku wa kumeneko amene anatuluka mu 2001 anapeza kuti wapasa wa dzira limodzi akadwala matenda a Graves, mnzake amadwalanso pa anthu pafupifupi 35 mwa 100 alionse. Kwa mapasa osafanana, ndi atatu okha mwa 100. Kusiyana kumeneku ndiye umboni wakuti chibadwa chili ndi mphamvu, ndipo ofufuzawo anawerengera kuti pafupifupi 79 peresenti ya chiopsezo imachokera kwa makolo. Koma taonaninso nambala yoyambayo. Ikutanthauza kuti nthawi zambiri wapasa mmodzi amadwala yekha, mnzake n'kukhala bwinobwino ngakhale DNA yawo ndi imodzi. Chimene timatengera kwa makolo ndi kusachedwa kugwidwa ndi matendawa, koma pamafunika china chowadzutsa. Kubereka kumene, kusuta fodya ndi nkhawa yaikulu zili m'gulu la zinthuzo, ndipo akazi ndi amene amadwala kwambiri kuposa amuna. Ine ndinali ndi khanda kumsana, lendi ikundidikira, permit ikutha. Mng'ono wanga sanadutse m'zimenezo. Kukhala kwake wathanzi si mlandu.

Matendawa ali ndi mankhwala. Anandipatsa propranolol kuti mtima ukhazikike, ndi carbimazole amene nthawi zambiri munthu amamwa kwa miyezi 12 mpaka 18. Anandichenjeza kuti ndikamva zilonda kukhosi kapena kutentha thupi ndisiye kumwa n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo kukayezetsa magazi, chifukwa mwa anthu ochepa mankhwalawa amachepetsa maselo oyera a m'magazi. Akakanika, pali ayodini wa radiation kapena opaleshoni. Pano ulusi ndikulowetsa ndekha.

Pempho langa kwa inu Akonzi n'lakuti tsamba lanu la zaumoyo lizilembako za chithokomiro m'Chichewa. Amalawi ambiri kuno timaopa chipatala chifukwa cha mapepala, ndiye munthu akaonda timathamangira kwa asing'anga kapena kumukweza basi ku Park Station kuti akafere kwawo. Amene muli ndi wapasa, mayi kapena mchemwali wodwala matendawa, dziwani zizindikiro zake, ndipo zikaoneka muuzeni dokotala kuti kumtundu kwanu aliko.

Mng'ono wanga ndinamutumizira ndalama ya basi, anapita ku Blantyre kukayezetsa, ndipo magazi ake ali bwino. Pepala la zotsatira analipinda n'kuliika m'Baibulo, akudikira tsiku limene azakhali adzavomere kuti awawerengere. Mpaka lero sakumuyankha moni.

Ine wanu,
Mayi wosoka zovala,
Rosettenville, Johannesburg